Mtovu wa Amalume m'Chipinda cha Mayi

Amalume anga anali ndi mutu, zimenezo sindikana. Anaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka imvi zinadzaza, ndipo ena mwa madokotala amene mumawagwadira lero anadutsa m'manja mwawo. Koma ine sindinkafuna mphunzitsi. Ndinkafuna nkhoswe. Tsoka lake nkhoswe yanga inali iwowo, chifukwa mayi anali atamwalira, ndipo mlongo wawo wamwamuna anali mmodzi yekhayo. Ukwati wanga anaumanga ndi iwo, ndipo woti aumasule analinso iwo omwewo.

Zinali zaka zija titangoyamba za zipani zambiri. Ndinkakhala ku Chilomoni ndi ana anga awiri, m'nyumba imene mayi anandisiyira, ndipo ndinkasoka pakhonde. Ntchito inalipo, pakuti chipani chilichonse chinali ndi nsalu yake, ndipo azimayi ankafuna madiresi okavala kumisonkhano. Ine ndinkasoka mtundu uliwonse, sindinkafunsa munthu kuti avotera ndani.

Bambo a ana anga anali atasamukira ku Machinjiri kwa mkazi wina. Zikanakhala zokhazo ndikanawabwereka ndi sutikesi yomwe. Koma sanapite n'kupitiratu. Loweruka la malipiro likafika, atalawa pang'ono, ankatulukira masana, kulowa osaodira, kuvundukula mapoto, kufunsa kuti mwamuna amene anandipatsa moni kuchigayo ndi ndani. Pakamwa pakatopa, manja ankayamba.

"Ndine mwamuna wako mpaka ankhoswe anene," ankatero.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Pita kwa akulu a mpingo, funso loyamba ndi lakuti, "Ankhoswe anu akuti chiyani?" Ganiza zopita kubwalo la milandu, anthu akuuza kuti kumenekonso akakufunsa zomwezo. Ine ndinachita monga mwa mwambo. Ndinakwera minibasi kupita ku Bangwe kukadandaula kwa nkhoswe ya mwamuna wanga, akulu awo, alamu anga, amene anali akalipentala. Anandimvera bwinobwino, napukusa mutu, nati akumana ndi amalume anga. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, kuiwala kuti amalume anga ndi munthu wotani.

Paja nthawi ya chipani chimodzi amalume ankasunga maganizo awo m'mimba. Ankaopa kuti wina angakanene kuti mphunzitsi uja akuphunzitsa ana zopanga mabomba. Ufulu wolankhula utabwera, aliyense anamasula pakamwa. Ena ankanena za abale awo amene anasowa, ena za kukwera mtengo kwa shuga. Amalume anayamba kunena za atomu. Mu minibasi, atomu. Pamzere wa kuchipatala, atomu. Pamaliro penipeni, anthu akudikira kuti adzukulu amalize kukumba, amalume ali pansi pa mtengo akujambula timizere pa dothi, azibambo atawazungulira chifukwa chosowa kothawira.

Ine anandifotokozera pakhonde panga, ndili ndi diresi la munthu m'manja. Anatola maginito amene ndinkatolera mapini akagwa, kachitsulo kochokera mu wailesi yakufa.

"Taona, mwananga," anatero. "Dziko lonseli, ndi mapiri ake onse, Ndirande, Soche, Michiru, likukokera pini uyu pansi. Koma kamaginito aka kamunyamula. Dziko lonse lagonja! Ndiye kuti mphamvu yokokera zinthu pansiyi ndi yofooka kwambiri. Ubwino wake imafika kutali, mpaka kudzuwa. Tsono mkati mwa pini muli tinthu tosaoneka totchedwa maatomu, ndipo pakati pa atomu aliyense pali phata. Zimene zili m'phatamo zimakankhana, zikanayenera kumwazika. Koma pali mphamvu ina imene imazimanga pamodzi, yaikulu kuposa ina iliyonse. Vuto lake sipita patali, ukangotuluka m'phata yatha. Mabuku akuti zimenezi ndi mphamvu ziwiri zosiyana. Ine ndikuti ndi imodzi. Patali imafooka, pafupi imakula."

"Amalume, bwezani maginito anga."

"Ngakhale akatswiri a kunja akungoganizira, palibe amene waonetsa poyera. Bwanji osakhala munthu wa ku Ndirande?"

"Munakumana nawo alamu anga?"

Anali atakumana nawo. Anakhala ku Bangwe kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anabwerako nkhope ikuwala. Anandiuza kuti kalipentala uja ndi munthu wanzeru kwambiri, kuti anawafunsa chifukwa chimene chingwe chake choyezera khoma chimaloza pansi nthawi zonse, ndipo funso limenelo linali lokongola.

"Nanga za ine?"

"Tinafikapo pang'ono. Tagwirizana kuti upirire kaye. Banja ndi kupirira."

"Amalume, akundimenya."

"Zinthu zikayandikana zimakhulana, mwananga. Ndipo ndikuuze, m'chilengedwe mulibe zinthu ziwiri zimene zimasiyaniratu. Zitalikirane bwanji, zimakokanabe."

Koma abale! Ndinawauza kuti ine si mwala. Anaseka, nati ndatengera pakamwa pa mayi anga. Ndinapsa mtima mpaka ndinasoka mkono wa diresi mozondotsa. Munthu amene moyo wake wonse anauika pa kuphatikiza zinthu ziwiri kuti zikhale chimodzi, ameneyo ndiye ndinkayembekeza kuti andilekanitse ndi mwamuna.

Patapita masabata angapo anabwera ndi pempho. Ankafuna kuyesa maganizo awo aja, koma nyumba yawo ya ku Ndirande inali m'mphepete mwa msewu, ndipo minibasi iliyonse ikadutsa makapu ankalira m'kabati. Ankafuna malo abata. Chipinda cha kumbuyo kwanga, chimene mayi ankagonamo, chinali chopanda munthu.

Ndinavomera, ndipo ndinali ndi chifukwa changa. Ndinati akamabwera Lamulungu lililonse aziona nkhope yanga, aziona mmene ana akhalira chete, mwina maso awauza zimene makutu akana.

Anabwera ndi katundu pa wilibala. Ku Chirimba anali atapeza anthu owotcherera zitsulo amene anawasungunulira mtovu wa m'mabatire akale a galimoto, n'kuwaumbira mipira iwiri. Wina unali waukulu ngati papaya, wolemera koopsa. Wina unali waung'ono ngati dzira la nkhunda. Waukuluwo anaukhazika pa njerwa pakati pa chipinda. Waung'onowo anaumangirira kumapeto kwa kandodo kansungwi, mbali inayo naikako kamwala kuti kandodoko kasapendeke, ndipo zonsezo anazipachika ndi waya wowonda ngati ulusi kuchokera pa mtanda wa denga. Mtandawo unkakhala pa khoma lolekanitsa chipindacho ndi pabalaza. Pakati pa mipira iwiriyo anasiya kampata kolowa chikhadabo.

Malinga ndi mabuku, anatero, kukokana kwa mipirayi n'kochepa kwambiri moti singagundane. Koma ngati iwo akulondola, pa kampata kakang'ono ngati kameneko mphamvu ija iyamba kukula, ndipo tsiku lina waung'ono udzakhudza waukulu. Kuti adziwe ngati zachitika iwo kulibe, anaudetsa mpira waukulu ndi mwaye wa koloboyi. Ukakhudzidwa, padzatsala kachipsera.

Anatseka windo ndi makatoni kuti mphepo isalowe. Kenako anayamba kuyesa nyumba yanga. Anamenyetsa chitseko cha kumaso, nathamanga kukaona. Anamenyetsa cha kukhitchini. Anadumphadumpha pabalaza, munthu wamkulu, atavala jekete ndi tayi, aneba akusuzumira pampanda. Anandiuza kuti ndipalase makina anga mwamphamvu. Mpira sunakhudze. Anakhutira, nakhoma chipinda ndi loko, kiyi naika m'thumba la jekete.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankabwera. Moni wake unali wa pakhomo, akuvula nsapato kuti asagwedeze pansi. Nkhope yanga sankaiona. Tsiku lina ndinali ndi mlomo wotupa, iwo anandifunsa ngati pakati pa sabata kunagunda bingu. Ndikati ndiyambe nkhani ya ankhoswe, ankakweza chala.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero, osadziwika ngati akunena za ine kapena za mtovu.

Masabata oyamba sipanaoneke kanthu. Kenako Lamulungu lina ndinamva mfuu m'chipinda muja, ndinathamanga poganiza kuti agwa. Ndinawapeza atagwada, tochi m'manja. Pa mwaye panali kadontho kowala.

"Yagundana! Mwananga, yagundana!"

Anatulutsa choko m'thumba nalemba kamzere pakhoma. Anatuma ana kukagula zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mabisiketi, natiuza kuti tikumbukire tsikuli. Ine ndinamwa nditakhala cham'mbali pa mpando, chifukwa msana unkandipweteka. Dzulo lake bambo a ana anali atabwera. Koma tsiku limenelo sindinaganize kanthu, ndinangoti mwina misala ya amalume ili ndi mutu.

Anapakanso mwaye. Masabata anadutsa, kachipsera osaoneka. Amalume anati mwina ndi kuzizira. Kenako kanaonekanso, naonjezera kamzere pakhoma, nagulanso mabisiketi. Ulendo umenewo ndinaima pakhomo la chipinda, ndinayang'ana waya, ndinakweza maso kutsata mtanda mpaka pamene unakhala pa khoma. Ndinatuluka n'kukaima pabalaza, mbali inayo ya khoma lomwelo. Laimu anali atasupuka pamalo amodzi, pa msinkhu wa mapewa anga. Khomalo linali la njerwa imodzi, lomangidwa ndi dothi. Pamenepo m'pamene bambo a ana ankandikankhira.

Ndinabwerera m'chipinda.

"Amalume, dzulo kunabwera bambo a ana, ndipo khoma ili..."

"Ndikudziwa, ndikudziwa, amamenyetsa zitseko. Zitseko ndinayesa kale, unaona wekha. Sizifika."

"Si zitseko."

"Kudumpha ndinayesanso. Iwe, usade nkhawa, sayansi imasamala zonsezo." Ndipo anali atatembenuka kale, akuunika kachipsera kawo ndi tochi.

Mwina wina anganene kuti ndikanangovula bulauzi n'kuwaonetsa msana. Wonena zimenezo sanakulire kwathu. Pali zinthu zimene sungaonetse mlongo wa mayi ako. Ndiponso ndinali nditanena kale ndi pakamwa, mawu omveka, m'Chichewa chosavuta, kuti akundimenya. Ndinene m'chilankhulo chanji?

Timizere tinachuluka pakhoma. Amalume anali kudabwa kuti n'chifukwa chiyani mphamvu yawo imadzuka nthawi zina, nthawi zina n'kugona. Ananena za kutentha, ananena za chinyontho, ananena za mwala umene uli pansi pa Chilomoni. Ine ndinkangowayang'ana. Mkazi aliyense wa m'dera lathu akanawauza tsiku limene mphamvu imeneyo imadzuka, popanda tochi.

Kenako anabwera ndi nkhani yoti akufuna kulemba m'nyuzipepala. Masiku amenewo manyuzipepala anali mbwee, atsopano sabata iliyonse, ndipo ankasindikiza chilichonse. Anatinso pali mphunzitsi wina wa kukoleji, mwana wawo wa sukulu wakale, amene wavomera kubwera kudzaona. Ndinaona m'maganizo mwanga anthu ovala masuti atadzaza m'chipinda cha mayi, akuombera m'manja mikwingwirima yanga. Apa zinandikwana.

"Amalume, inu munaionapo ikugundana ndi maso anu?"

Funsolo linawalowa.

"Ayi. Ndimangopeza chipsera."

"Ndiye mukalemba bwanji zinthu zimene simunaone? Akakufunsani kuti inayenda bwanji, mudzati chiyani?"

"Iwe ukanapitiriza sukulu," anatero, akundiyang'ana mwaulemu koyamba chiyambire nkhaniyi. "Koma ndingadziwe bwanji tsiku lake?"

"Mubwere Loweruka likudzali. Mubwere m'mawa, mulowe, mudzitsekere, mukhale chete. Wina akabwera musatuluke, musatsokomole. Mungoyang'ana mpira wanu."

"Bwanji Loweruka?"

"Mtima wanga ukungondiuza."

Anaseka, nati mtima si chida cha sayansi, koma abwera.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Ndinkadziwa chimene ndakonza: Loweruka limenelo linali la malipiro. Ndinali nditaitana mboni, ndipo kuti mboniyo ione kanthu, panafunika kuti ine ndipwetekedwe. Ndinatukwana amalume mumtima, ndinatukwana atomu, ndinatukwana amene anasungunula mtovu ku Chirimba, anthu osalakwa.

Loweruka m'mawa ana ndinawatumiza kwa mnzanga wa kutchalitchi. Amalume anafika ndi kampando kawo, botolo la madzi ndi tochi. Nsapato zawo ndinazibisa kuseri kwa kabati. Analowa, natseka chitseko. Ine ndinakhala pa makina, koma ulusi unkangoduka.

Bambo a ana anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Ndinamva fungo asanakwere khonde. Analowa pabalaza, nandiitana ndi chala. Tsiku limenelo ankafuna makina osokera. Anati mkazi wa ku Machinjiri akufuna kuphunzira kusoka, ndipo popeza iwo ndi mutu wa banja, katundu yense wa m'nyumba muno ndi wawo.

"Makina amenewo anagula mayi anga," ndinatero. "Nyumbayi ndi ya mayi anga. Inu muno munabwera ndi chikwama chimodzi."

"Ukuyankha ine?"

"Ndikuyankha inu."

"Ndine mwamuna wako mpaka ankhoswe anene. Ndipo amalume ako aja sadzanena. Mutu wawo unapita kale kumwezi."

Anandigwira m'mapewa. Zotsatira sindifotokoza zonse. Khoma linandilandira pamalo pake pomwe paja, mpweya unandithera, laimu anathothokera m'tsitsi. Anandikoka kuti andikankhenso.

Chitseko cha chipinda cha mayi chinatseguka.

Amalume anali munthu wamfupi, wowonda, ndipo anaima pamenepo atavala masokosi okhaokha kuphazi, tochi ikuyakabe m'manja. Bambo a ana anandisiya ngati agwira mbaula. Mowa unawathera pomwepo. Anavula kapusi, nanjuta, nayamba kuomba m'manja.

"Amalume! Sindinadziwe kuti muli muno."

"Ndaona kuti simunadziwe," anatero amalume. Mawu awo anali otsika, a m'kalasi. "Apongozi, imirirani. Mupite ku Bangwe lero lomwe. Mukauze akulu anu kuti mawa tikaweruka kutchalitchi ndikuwafuna pano. Inunso mubwere. Kiyi wa nyumba ino musiye patebulo."

"Amalume, tinangosemphana pang'ono..."

"Patebulo."

Anasiya kiyi, natuluka chammbuyo.

Tinatsala awiri. Ine ndinali nditakhala pansi, nditatsamira khoma. Amalume anazimitsa tochi. Anayang'ana pamene laimu anasupuka, nakweza maso kuona mtanda, monga ndinachitira ine kale lija. Kenako analowa m'chipinda naima patsogolo pa timizere tawo ta choko. Anakhalitsa pamenepo.

"Tonseti?" anafunsa, osatembenuka.

"Tonseto."

"Tsiku lija ndinagula mabisiketi..."

"Ndinadya nawo."

Anakhala pa kampando kawo. Ndikanayenera kuwamvera chisoni, ndipo pambuyo pake ndinawamveradi. Koma nthawi imeneyo mkwiyo wonse unaphulika.

"Ndinakuuzani, amalume! Pakhonde apo ndinakuuzani! Mwana wa mlongo wanu, ndi pakamwa panga! Munati zinthu zimakhulana. Munayesa zitseko, munadumpha ngati mwana wa mkaka, munayesa makina, munayesa chilichonse m'nyumba muno kupatula kundifunsa ine. Mpaka chitsulo cha m'batire chikuuzeni ndiye mukhulupirire?"

Anakoka mkono wa jekete yawo, jekete ya kutchalitchi, nayamba kufuta timizere tija kamodzikamodzi. Atamaliza anandifunsa kumene ndaika nsapato zawo.

Mawa lake anabwera onse. Tinakhala pabalaza, ine pamkeka, azibambo pamipando. Alamu anga a ku Bangwe anayamba bwino, monga ankhoswe amayambira. Anati m'banja simulephera kugundana, anati ana akufunika bambo, anati mng'ono wawo walapa ndipo tiwapatse mpata wina. Kenako anatembenukira kwa amalume akumwetulira.

"Paja achimwene munandiuza nokha kuti m'chilengedwe mulibe zinthu ziwiri zimene zimasiyaniratu."

Ndinati basi, ayambanso, tikhala pano mpaka madzulo tikumva za phata.

Amalume anadzuka, nalowa m'chipinda cha mayi. Ndinamva sizasi yanga ikudula waya. Anatuluka atakumbatira mpira waukulu uja, akupuma movutika, nauika patebulo pakati pathu, tebulo mpaka kulira. Pa mwaye panali chipsera chachitali, chokwalika.

"Ndinanenadi," anatero. "Ndinkanena za miyala. Ichi mukuchiona apa ndi msana wa mwana wa mlongo wanga. Ndinali m'chipinda umo dzulo, ndinaona ndi maso anga. Ukwati uwu ndinaumanga ndine, ndipo ndikunena pamaso panu kuti watha."

Alamu anga anayang'ana mng'ono wawo. Mng'ono wawoyo anayang'ana pansi. Panalibenso zambiri. Anaika kandalama ka chisudzulo m'mbale, anagwirizana za ana kuti akhala ndi ine monga mwa mwambo wathu, ndipo bambo awo akafuna kuwaona azidzera kwa amalume. Nkhani imene inandidya zaka inatha madzi a tiyi asanawire. Zimenezonso zinandipsetsa mtima.

Ku nyuzipepala sanalembe. Mphunzitsi wa kukoleji uja amalume anamutumizira uthenga kuti asavutike. Anthu a ku Ndirande anandiuza kuti mu minibasi amalume ayamba kukhala chete, akungoyang'ana pawindo, ndipo pamaliro akukhala ndi azibambo anzawo n'kumakamba za mvula. Kwathu sanabwere kwa nthawi ndithu. Mipira ija inangokhala pakona, ana akuopa kuikhudza.

Lamulungu lina, mvula itayamba, ndinawaona akukwera kanjira kathu, ambulera m'manja. Anakhala pakhonde, anafunsa za ana, anafunsa za ntchito. Anandiyang'ana kumaso nthawi yonseyo mpaka ndinachita manyazi. Kenako anayamba kuzungulizazunguliza chipewa m'manja.

"Mwananga, ndimati ndifunse. Poti tsopano m'nyumba muno muli bata..."

"Amalume!"

"Ukakana ndimva."

Ndinafuna kuwaponyera sizasi. Zoona munthu ameneyu sanaphunzirepo kanthu? Ndinawauza kuti achite zimene akufuna, bola asadumphenso pabalaza panga aneba akuona.

Anapachikanso zonse monga kale, waya watsopano, mwaye watsopano, kampata kolowa chikhadabo. Koma loko sanaikepo, ndipo choko sanabwere nacho. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankafika, kuvula nsapato, kulowa ndi tochi yawo. Sankachedwamo. Ine ndinkapitiriza kusoka, ndikung'ung'udza kuti chipinda chabwinobwino chikungokhala, pamene ndikanaikamo munthu wa lendi.

Zinapita choncho zaka, mpaka miyendo yawo inayamba kukana chitunda cha kwathu. Ulendo wina womaliza ndinachita kuwagwira mkono kuwalowetsa m'chipindamo. Anagwada movutika, naunika mpira waukulu mbali zonse. Mwaye unali wakuda bii, wopanda kadontho.

"Amalume, zaka zonsezi sinagundanepo," ndinatero. "Maganizo anu aja ndi olakwika, vomerani. Mukuvutikiranji?"

"Ndikudziwa kuti ndi olakwika," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija."

Anazimitsa tochi, nagwira dzanja langa kuti adzuke.

"Sinagundane," anatero, monga ankanenera sabata iliyonse potuluka m'chipindamo. "Wagona bwino sabata ino, mwananga. Tandipatsa tiyi."